Masiku 16, madola 61: za ntchito ya bandi ya kunja ku Harare

Ndikulemba ndili ku Mufakose, kuno ku Harare, m'nyumba ya munthu amene mwezi wapitawu sindinkamudziwa n'komwe. Chidindo cha masiku 30 chimene anandimenyera pa Nyamapanda chatsala ndi masiku atatu. Dzulo anyamata awiri a ku Bangwe andilembera pa WhatsApp kupempha nambala ya amene ananditengera kuno. Nambalayo simuiona kwa ine. Werengani izi.

Uthenga mukuudziwa, wazungulira mokwanira. Akuti gulu lina la ku Ulaya loimba alternative rock, zija za magitala olira ngati chigayo, latulutsa chimbale chatsopano ndipo likuyenda maiko ambiri kuimba nyimbo za m'chimbalecho. Akuti Harare ili pa mndandanda. Akufuna anyamata 40 omanga steji ndi kunyamula zida, madola 35 pa tsiku, pogona paulere, ndipo olimbikira adzapitirira ndi gululo ku Johannesburg mpaka ku Ulaya. Dzina la gululo sinditchula. Eni akewo alibe mlandu, sadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli malo otchedwa Bangwe.

Ndinalipira K250,000 "yolembetsa". Ndinalipiranso madola 100 ngati chiyambi cha chilolezo chogwirira ntchito, chimene anati chonse ndi madola 250. Risiti panalibe, ndinangolandira kachithunzi ka chala chachikulu pa foni. Njinga ndinagulitsa, zotsalazo ndinatenga katapila. Za ulendo sindichulutsa, njira mukuidziwa: Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Mutoko, kenako Harare. Chimene ndinayenera kudabwa nacho n'choti pa malire ejenti anatiuza tonse kuti tinene kuti tikukaona abale. Munthu wopita ku ntchito yovomerezeka anamirenji? Ndinaganiza zimenezo basi itanyamuka kale.

Tinafika anthu 14, osati 40. Pogona paulere paja panali chipinda chimodzi ku Epworth, matiresi asanu. Usiku womwewo anatolera mapasipoti athu, ati akupita nawo ku ofesi ya zolowa ndi zotuluka. M'mawa mwake tinamva kuti konsati "yasunthidwa pang'ono", ndiye podikira tizithandiza kampani ina yobwereketsa zokuzira mawu. Masiku 16 tinanyamula masipika ku maukwati a ku Borrowdale ndi ku misonkhano ya mapemphero. Magetsi kuno ankazima maola ambiri chifukwa madzi anali atachepa ku Kariba, motero paliponse tinkakankhanso jenereta lalikulu ngati khola la mbuzi. Kunyamuka 4 koloko m'mawa, kubwerako pakati pa usiku, chakudya sadza ndi kabichi kamodzi. Tsiku lina anandikweza pa zitsulo mamita oposa sikisi kukamangirira nyali, wopanda lamba. Ndikafunsa za gulu lija yankho linali limodzi: sabata yamawa.

Lamulungu lina ndinazemba n'kupita kukapemphera. Amene simudziwa, CCAP ili ndi sinodi yakeyake ya Harare, ya ana ndi zidzukulu za makolo athu amene anabwera kuno kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Kumeneko ndinakumana ndi madala ena a imvi, obadwira konkuno koma bambo awo anali a ku Ntcheu. Chinyanja chawo n'chakale, chosakaniza ndi Chishona, moti mawu ena ndinkachita kuwafunsa kawiri. Ntchito yawo ndi yomweyi, kupezera makonsati anyamata onyamula zida, ndipo aichita zaka zoposa 30. Nditawaonetsa chithunzi cha konsati ija sanaseke. Anangoti, "Mphwanga, tsegula foni yakoyo, lemba dzina la gululi, tione kumene likuimba."

Ntchito ya mphindi ziwiri. Mndandanda wonse unali poyera pa tsamba la gululo: tsiku, mzinda, bwalo, pogulira matikiti. Mizinda ya ku Ulaya, mizinda ya ku America. Harare panalibe. Johannesburg panalibe. Mu Africa monse munalibe ngakhale mzinda umodzi. Safunsa adadya phula, ndipo ine phula langa ndinaligula K250,000.

Madalawo anandikhazika pa khonde la tchalitchi n'kundifotokozera mmene maulendo amenewa amayendera, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Gulu likatulutsa chimbale, masiku a ulendo amalengezedwa miyezi yambiri pasadakhale, chifukwa ndalama yake imachokera ku matikiti. Konsati yobisa kulibe. Ngati matikiti sakugulitsidwa, ndiye kuti kulibe chikuchitika. Chachiwiri, gulu lotere limayenda ndi anthu akeake: wosamala magitala, wosamala ng'oma, wa mawu, wa nyali, ndi wamkulu woyang'anira ulendo wonse. Amenewo ndi akatswiri, ali ndi makontirakiti ndi ma visa awo. Onyamula mabokosi ngati ine amalembedwa mumzinda momwemo ndi amene waitana gululo, tsiku limodzi kapena awiri. Mumatsitsa katundu m'mawa, mumapakira usiku konsati ikatha, mathiraki amanyamuka, inu mumatsala. Mzinda wotsatira uli ndi anyamata akenso. Ndani angalipirire munthu ndege ndi hotela kuti akanyamule sipika ku Berlin, ngati kuti ku Berlin kulibe mapewa?

Anawonjezera kuti magulu a mtundu umenewu akati afika kum'mwera kwa Africa, nthawi zambiri ndi mizinda iwiri basi. Linkin Park mu 2012, Red Hot Chili Peppers mu 2013, Foo Fighters mu December 2014 ndi chimbale chawo cha Sonic Highways, onsewo anaimba ku Cape Town ndi ku Johannesburg n'kukwera ndege. Kumeneko kuli mabwalo aakulu ndi anthu okwanira ogula matikiti odula. Osati kuti Harare sinaonepo zazikulu. Bob Marley anaimba ku Rufaro mu 1980 pa ufulu wa dziko lino, Paul Simon anabweretsa chimbale chake cha Graceland pa bwalo lomwelo mu 1987, ndipo mu 1988 Bruce Springsteen, Sting ndi Tracy Chapman anaimba ku National Sports Stadium. Madalawo akamakamba za 1987 maso amawala, akuti ndi pamene anayamba kukoka zingwe ali mnyamata. Koma akuti ngakhale masiku amenewo onyamula anali a ku Mbare ndi ku Highfield konkuno. Mzinda wodzaza ndi anyamata osowa ntchito ukaitanitse anthu ku Blantyre chifukwa chiyani? Nditawauza za kukwera zitsulo wopanda lamba anakwiya zenizeni. Anandikumbutsa kuti pa konsati ya Linkin Park ku Cape Town zitsulo za chikwangwani zinagwa ndi mphepo kunja kwa bwalo, mayi wina n'kumwalira. "Kumeneko n'kumene kuli malamulo," anatero. "Iwe ukagwa kuno, ulibe pepala, adzati sakukudziwa."

Ndinawapempha ntchito, sindibisa. Anakana. Anati munthu wolowa ngati mlendo saloledwa kugwira ntchito, ndipo chilolezo chenicheni amakapempha ndi wolemba ntchito, osati dobadoba wa pa WhatsApp. Panthawiyo zinandiwawa. Lero ndikuona kuti mwa onse amene ndakumana nawo pa nkhani imeneyi, ndi okhawa amene anandiuza zoona, ndipo sanandilipiritse ngakhale tambala.

Tsopano malipiro. Titavuta kwambiri, anatiitana Lolemba pa 30 September 2024. Masiku 16 pa madola 35 ndi madola 560. Mvetserani mmene anadulira. Chipinda chaulere chija, madola 60. Nsapato ndi chisoti zimene tinkabwerekana, madola 45. Thiraki yopita nafe ku ntchito yawo yomwe, madola 40. Gawo la ejenti, 20 pa 100 iliyonse, madola 112. Chotsala cha chilolezo chimene sindinachionepo ndi maso, madola 150. Zonse pamodzi 407. Kutsala madola 153.

Ndinati chabwino, ndipatseni omwewo. Apa ndi pamene anandimaliza. Anati kampani imalipira mu ZiG, ndalama ya kuno imene inayamba mu April 2024, ndipo anawerengera ma ZiG 14 pa dola, "monga mmene zinalili pamene munkagwira ntchito". Anandipatsa 2,142. Koma Lachisanu lapitalo, pa 27 September, banki yaikulu ya dziko lino inali itagwetsa ZiG kufika pa oposa 24 pa dola. Iwo ankadziwa, n'chifukwa chake anadikira Lolemba. Tsono tikiti ya basi yobwerera amafuna madola, ndipo amene ndinakasintha naye anandiwerengera 35 pa dola. M'manja munalowa madola 61. Masiku 16, msana wothyoka, madola 61. Pa tsiku sanakwane ngakhale anayi. Mwa madolawo munali kamodzi kong'ambika pang'ono pangodya, ndipo pagolosale anakakana, poti kuno dola yong'ambika ena salandira.

Mapasipoti ankafuna madola 30 aliyense kuti abweze, ati "osungira". Madala aja ndi amene anapita nafe, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Analankhula Chishona mwaulemu, osakweza mawu, koma ndinamvamo liwu loti polisi kawiri. Mapasipoti onse 14 anatuluka m'kabati momwemo mu ofesimo, chidindo chatsopano munalibe. Sanapiteko n'komwe kumene ankanena kuja. Anzanga ena anabalalika, awiri ati akayesa ku Joni, ine ndi mnzanga wa ku Chilomoni madalawo anatitengera kwawo. Amayi a m'nyumbamu amatiphikira ngati ana awo, ndipo amatiseka kuti achimwene a masiku ano mumabwera ndi foni m'malo mwa khasu.

Ndiye ndikuuzeni mosapsatira, makamaka inu oimba gitala kutchalitchi amene mukulota kuti mzungu wina adzakumvani mukuyesa zingwe kuseri kwa steji n'kukutengani. Sizichitika. Wonyamula mabokosi oimbawo sawaona n'komwe, nthawi imene iwo akufika inu mwathamangitsidwa kale kuseri kwa mpanda. Wina akatchula gulu lotchuka, tsegulani tsamba la gululo muone ngati mzindawo ulipo, ndipo funsani kumene akugulitsa matikiti. Ntchito yoyamba ndi kulipira si ntchito. Pasipoti isachoke m'thumba mwanu, ngakhale wopemphayo alankhule Chichewa chokoma chotani, poti amene anatigulitsa ife ndi mnzathu wa kumudzi konko, wotchula mfumu ya kwawo ndi mfunda wake bwinobwino. Ndipo musanavomere malipiro alionse kuno funsani kuti ndi madola a America kapena ZiG, alembe papepala. Makolo nanunso, lekani kugulitsa mbuzi chifukwa cha chithunzi cha pa foni. Mayi anga anagulitsa ziwiri.

Basi yanga inyamuka Lamulungu m'mawa. Madola 61 aja sanakwane tikiti ndi chakudya cha panjira, madala awonjezerapo 15, ati ndidzabweze ndikadzapeza, ndipo ndikadzadutsa ku Ntcheu ndikawajambulire phiri la kwa bambo awo. Wa katapila wandiimbira kale katatu. M'mawa uno mnzanga wa ku Chilomoni wandionetsa uthenga watsopano umene wafika pa gulu la achinyamata a kwawo: chithunzi china, gulu lina, konsati ya mu December. Yolembetsa yakwera, tsopano ndi K300,000.