Kaampu ka mahedifoni: katundu ndi wabwino, wogulitsa ndiye ayi

Ndiyambe ndi wogulitsayo chifukwa ndiye wandilembetsa zonsezi. Anthu a pa Mchinji boma mukuidziwa shopu ija ya mafoni ndi matchaja, imene katundu wake amadzera ku Chipata. Dzina sinditchula. Kumeneko ndinagulako kaampu ka USB ka mahedifoni, kachipangizo kowonjezera mphamvu ya mawu, kaja kokhala ndi chopotokola chimodzi kutsogolo ndi timaswichi tiwiri, kena kolembedwa GAIN L/H (L ndi pansi, H ndi pamwamba), kena BASS. Mtengo wake unali K95,000, ndipo nditanenerera anangondichotsera ya kabaza basi. Chimene ndinkafuna ndi kumva mitswatswa ya adani mu gemu yowomberana ya Warzone, poti jaki ya laputopu yanga imatulutsa mawu ofooka.

Mnyamata wa pakauntala poyesa anakalumikiza ku foni yake, n'kukankhira gain pa H. Akuti, "Bwana, pa H pomwepa musadzachotsepo. L ndi ya ana. Mukafuna kumva ndalama zanu ndi apa." Chimene sananene n'choti voliyumu ya foni yakeyo inali pansi penipeni, n'chifukwa chake mawu ankamveka bwinobwino m'shopumo.

Usiku womwewo ndinakalumikiza ku laputopu, Windows ili pa 100 monga mwa masiku onse, hedifoni yanga ya 32 ohms (ohms ndi muyezo wa kuuma kwa hedifoni kuikankha) ili kumutu. Chopotokola ndinachibweza mpaka pakati. Pa menyu mawu anali okwera koma opiririka. Titangotera pansi, munthu wina anaponya bomba m'chipinda chomwe ndinabisalamo. Abale anga, ndinaivula hedifoniyo n'kuiponya pabedi osadziwa kuti ndavula. Khutu lamanzere linayamba kulira ngati nyenje za mu Okutobala, ndipo linalira choncho mpaka m'mawa. Mayi a kunyumba anadzuka kuchipinda akuganiza kuti chaphulika ndi tchaja. Anzanga a ku Lilongwe amene timasewera nawo ankangofunsa kuti aise wafa bwanji utangoima, ine ndili chigwirire khutu.

Kuti ndipirire ndinayamba kutsitsa chopotokolacho mpaka pafupi ndi pozimitsira. Pamenepo panabuka vuto lina: khutu limodzi linkamva kwambiri kuposa linzake. Amene mumasewera magemu owomberana mukudziwa kuti imeneyo ndi imfa. Mdani akubwera kutsogolo, iwe ukutembenukira kumanzere. Komanso gemu ikakhala chete pankamveka kaphokoso ka sssss kosatha.

Ndinabwerera kushopu kuja mtima uli m'mwamba. Mnyamata uja sanakagwire n'komwe kaampuko. Anangoyang'ana hedifoni yanga n'kunena kuti ndi ya feki, kenako n'kuloza chipepala chakukhoma choti katundu akatuluka sabwerera. Ndisanatseke pakamwa anali atatsitsa kale hedifoni ina pashelefu kuti ndigule. Mwini shopu anali pomwepo akudina foni, osadzutsa ndi mutu womwe. Mpaka lero ndikadutsa pakhomo pawo ndimayang'ana kumbali.

Amene anandithandiza ndi amalume anga a ku Kamwendo, amene amayendetsa mikisa kutchalitchi kwawo. Anakatembenuza kaampuko, n'kuseka, n'kukankhira kaswichi pa L. "Mphwanga, gain si voliyumu. Ndani anakuuza zimenezi?" Anandifotokozera kuti gain ndi muyezo wa kuchulukitsa mphamvu ya mawu amene alowa mu ampu, pomwe chopotokola chimangotsegula kapena kuchepetsa. H anaiikira mahedifoni ouma kuwakankha, monga Beyerdynamic DT 770 Pro ya 250 ohms kapena Sennheiser HD 600 ya 300 ohms. Hedifoni ya magemu ya 32 ohms, kaya timahedifoni tolowetsa m'khutu tija, sizifuna zonsezo. Ukaziika pa H umakweza ndi phokoso la ampu lomwe, ndiye sssss uja. Za khutu limodzi kumva kwambiri anati si kuwonongeka ayi. Zopotokola zambiri za mtundu umenewu sizigawa mawu mofanana zikakhala pansi penipeni, zimayamba kulungama ukazikweza pang'ono. Pa H sungazikweze chifukwa makutu aphulika, ndiye umangokhalira pamalo oipawo.

Apa ndiye mkwiyo wanga pa katunduyu unayamba kuzizira, chifukwa pa L ndi chinthu china. Mmene ndimachitira tsopano ndi momwe anandionetsera amalume. Ndisanavale hedifoni chopotokola chimakhala pansi. Windows ndimaisiya pa 100 kuti ampu ilandire mawu athunthu, ndipo kukweza ndi kutsitsa konse ndimachitira pa chopotokola. Ngati mutachiyerekeza ndi wotchi, changa chimakhala pakati pa 10 koloko ndi 12 koloko, ndipo mpata wokwezera umatsala wambiri. Lamulo lawo ndi loti upite pa H pokhapokha wafika cha m'ma 3 koloko pa L koma mawu akadali ochepa, ndipo utsitse kaye usanakankhe kaswichiko.

Kaswichi ka BASS ndinakazimitsa. Pa nyimbo n'kokoma ndithu, koma mu gemu kamakuza kuphulika ndi kulira kwa magalimoto mpaka mitswatswa imamira. M'kati mwa gemu nyimbo ndinaziika pa ziro, mawu a zochitika ndi amene ali pamwamba. Chinanso chimene chinandithandiza ndi Loudness Equalization ya mu Windows, ngati ikupezeka pa chipangizo chanu. Imakweza timawu tating'ono n'kutsitsa tokwera kwambiri, ndiye sufunikanso kukweza voliyumu yonse pofuna kumva mapazi. Choipa chake n'choti kutalika kwa mdani kumavutirapo kukuyeza, poti wakutali ndi wapafupi amamveka mofananako. Ena sadzaikonda, ine ndinaizolowera.

Tsopano munthu akamakwera masitepe kumbuyo kwanga ndimamumva, ndimadziwanso ngati ali pamwamba kapena pansi. Sssss uja anatheratu. Pa gemu ya mpira ya FC kaampuko sikasintha zambiri, musawonongere ndalama mpira wokha.

Za makutuzi musazitenge mwachibwana. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu angamvere mawu a 80 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu) kwa maola 40 pa sabata popanda chiopsezo, koma akafika pa 90 dB nthawiyo imatsika kufika maola 4 okha. Ife timakhala pa gemu usiku wonse Loweruka magetsi akakhalapo. Tsono wogulitsa wouza ana asukulu kuti L ndi ya ana akuwagonthetsa ana a eni ake.

Zodandaula pa kaampu kenikeniko zilipo ziwiri. Kalibe polowetsa maiki, ndiye hedifoni yanga ndinachita kuigulira kachingwe kogawa pawiri kuti maiki izipita ku laputopu. Izinso mnyamata uja sananene, chonsecho ndinamuuza kuti ndi za magemu. Chingwe cha USB chimene chinabwera m'bokosi n'chachifupi kwambiri, moti kaampuko kamakhala kolendewera m'mphepete mwa tebulo.

Katunduyu ndikumupatsa nyenyezi 4 pa 5. Mukamugula yambirani pa L. Koma ngati muli ndi wachibale wopita ku Lilongwe, mtumeni akakugulireni konko, ndalama zanu zisalowe m'shopu ija.