Museu da República ku Rio: nyumba imene boma linasamukiramo pulezidenti ali chigonere

Alendo ambiri akalowa mu Palácio do Catete, nyumba imene muli Museu da República ku Rio de Janeiro m'dziko la Brazil, amathamangira kunsanjika yachitatu kukaona chipinda chimene pulezidenti Getúlio Vargas anadziwomberamo pa 24 Ogasiti 1954. Akaona bedi lija amatsika, n'kujambulitsa pamasitepe, ulendo watha. Munthu wotero waona kachigawo kakang'ono ka zimene zili m'nyumbayi. Amene akufuna kumvetsa mmene ulamuliro wa mapulezidenti unayambira ku Brazil ayenera kulowa ataloweza dzina lina, la Prudente de Morais, chifukwa ndi pa nthawi yake pamene nyumbayi inasanduka likulu la boma, ndipo kusamukako kunachitika iye akudwala.

Kufikako n'kosavuta. Nyumbayi ili pa Rua do Catete, nambala 153. Kwerani sitima yapansi panthaka, Linha 1 kapena Linha 2, mutsike pa siteshoni ya Catete, imene ili pakati pa Largo do Machado ndi Glória. Mukangotuluka panja muiona patsidya pa msewu, mbalame zikuluzikulu zamkuwa zitatambasula mapiko padenga. Pamene anthu amasokonezeka ndi pa dzina. Mukalemba "Museu Nacional" pafoni poitana galimoto, akupititsani ku Quinta da Boa Vista, kunyumba ija inapsa ndi moto mu 2018. Palinso Museu Nacional da República, koma imeneyo ili ku Brasília. Lembani "Palácio do Catete" basi. Lolemba musapiteko, chifukwa nyumba zambiri zosungira mbiri ku Rio sizitsegula tsiku limeneli, ndipo musanachoke kumene mukugona yang'anani pa intaneti ngati nsanjika zonse zili zotsegula. Nyumbayi ndi yakale, amaikonza pafupipafupi, moti chipinda chimene mwadzera chikhoza kupezeka chotseka.

Anaimanga kuyambira 1858 mpaka 1867, osati ya boma ayi, koma ya Antônio Clemente Pinto, Barão de Nova Friburgo, mwini minda ya khofi ku Cantagalo. Anajambula mapulani ndi Mjeremani, Gustav Waehneldt. Golide wa m'makoma, nsangalabwi, magalasi ndi masitepe achitsulo, zonsezo zinagulidwa ndi thukuta la akapolo, popeza ukapolo ku Brazil unatha pa 13 Meyi 1888 mpamene. Mlendo wochokera kwathu kuno asaiwale zimenezi akamayang'ana kudenga, pakuti ena mwa anthu amene ankatsitsidwa padoko la Rio m'zaka za m'ma 1800 anakwezedwa zombo ku Quelimane ndi ku Ilha de Moçambique.

Yambani pansi, ku Salão Ministerial, kumene nduna zinkakumana. Musakwere msanga. Funsani ogwira ntchito akulozereni chithunzi chachikulu chopenta cha Aurélio de Figueiredo, Compromisso Constitucional, cha 1896. Chikuonetsa Deodoro da Fonseca, mkulu wa asilikali amene anakhala pulezidenti woyamba, akulumbira pa malamulo atsopano oyendetsera dziko mu Febuluwale 1891, ndipo wa ndevu amene akutsogolera msonkhanowo ndi Prudente de Morais. Chithunzicho sichikuuzani kuti awiriwa anali atangopikisana kumene. Aphungu anavota posankha pulezidenti pa 25 Febuluwale, Deodoro anapeza mavoti 129, Prudente 97, asilikali ali tcheru kudikira kuti aone ngati mkulu wawo agonje. Prudente, loya wa ku Piracicaba, wobadwira ku Itu pa 4 Okutobala 1841, anali atatsiriza maphunziro a zamalamulo ku São Paulo mu 1863, atakhalapo phungu mu ulamuliro wa mfumu Pedro II, ndiponso atalamulira chigawo cha São Paulo ufumu utangogwa mu Novembala 1889.

Anadzapambana pa chisankho cha 1 Malichi 1894, n'kukhala pulezidenti wachitatu, woyamba wosakhala msilikali komanso woyamba kusankhidwa ndi anthu mwachindunji. Mawu oti anthu musawatenge mopitirira, chifukwa ankavota ndi amuna okha a zaka 21 kapena kuposerapo odziwa kuwerenga, m'dziko limene ochuluka anali osaphunzira. Pa 15 Novembala 1894, tsiku lolumbira, Floriano Peixoto, msilikali amene ankasiya mpando, sanabwere n'komwe kudzamupatsa udindo. Boma panthawiyo linali ku Palácio do Itamaraty, pakati pa mzinda.

Nsanjika yachiwiri ndi imene imakusiyani kukamwa kuli yasa: Salão Nobre, Salão Pompeano, Salão Veneziano, Salão Mourisco, chipinda cha madyerero ndi kachalichi kakang'ono. Chipinda chilichonse anachikongoletsa motsanzira dziko lina. Apa ndi pofunika kudziwa nkhani ya kusamuka kuja. Mu Novembala 1896 Prudente anadwala kwambiri, anamuchita opaleshoni, n'kusiyira udindo wachiwiri wake, Manuel Vitorino wa ku Bahia, amene sankamwerana naye madzi. Vitorino anasintha nduna, anayandikana ndi otsatira a Floriano, ndipo pa 24 Febuluwale 1897 anatsegulira Catete ndi phwando lalikulu ngati mwini mudzi. Patangopita masiku ochepa, kumayambiriro kwa Malichi, Prudente anatulukira mosayembekezeka n'kutenganso mpando wake. Munthu amene ankadziwika ndi moyo wosadzionetsera, amene boma lake linkamira m'ngongole, anapeza boma litasamukira m'nyumba yagolide. Mukaima pakati pa Salão Nobre mukudziwa zimenezi, chipindacho mumachiona mwina.

Apa mpamene nyumbayi imaperewera. Zipinda n'zokongola, mipando ndi nyale n'zosamalidwa bwino, koma kukongolako kumaphimba nkhani. Vargas ali ndi chipinda chonse, pomwe Prudente ndi mapulezidenti omutsatira, Campos Sales, Rodrigues Alves ndi Afonso Pena, muyenera kuchita kuwatolera pang'onopang'ono pa zithunzi, ziboliboli ndi timapepala tofotokozera. Chilankhulo cha m'nyumbamo ndi Chipwitikizi. Wa ku Tete kapena ku Angónia awerenga bwinobwino, koma wodalira Chingelezi chokha aike pulogalamu yomasulira pafoni asanalowe, apo ayi adutsa zipinda ngati akuyang'ana mipando pasitolo.

Chimene chimawawa kwambiri ndi nkhani ya Canudos, ndipo sitiyenera kuibisa chifukwa choti Prudente anachita zabwino zina. Zoona, anathetsa nkhondo yapachiweniweni ya ku Rio Grande do Sul ndi pangano la ku Pelotas mu Ogasiti 1895, anakhululukira oukira ngakhale asilikali ambiri ankadana nazo, mkangano wa malire ndi Argentina unatha mokomera Brazil mu 1895 pulezidenti wa America Grover Cleveland ataweruza, ndipo Britain inabweza chilumba cha Trindade mu 1896. Koma m'boma lake lomweli munatumizidwa magulu anayi a asilikali kukathira nkhondo Canudos, mudzi wa anthu osauka ku Bahia amene ankatsatira mlaliki Antônio Conselheiro. Gulu lachitatu linagonja ndipo mtsogoleri wake, Moreira César, anaphedwa mu Malichi 1897, sabata yomweyo imene Prudente ankabwerera pampando. Ku Rio anthu anapsa mtima mpaka kuphwanya maofesi a manyuzipepala okonda ufumu, poganiza kuti a ku Canudos ankafuna kubwezeretsa ufumu. Gulu lachinayi linafafaniza mudziwo pa 5 Okutobala 1897, anthu masauzande anafa, ndipo ambiri ogwidwa anadulidwa pakhosi. Zithunzi zimene Flávio de Barros anajambula kumeneko, kuphatikizapo cha amayi ndi ana ogwidwa atakhala pansi mothinana, zimasungidwa ku Arquivo Histórico, mosungira zikalata zakale za nyumba yomwe ino. Zimenezi ndi za ofufuza, simungangolowa, muyenera kulemberatu kalata yopempha tsiku. Wophunzira mbiri achite zimenezo milungu ingapo asananyamuke.

Mwezi umodzi Canudos itagwa, pa 5 Novembala 1897, Prudente anapita ku Arsenal de Guerra, kosungira zida zankhondo, kukalandira asilikali obwerera. Msilikali wina, Marcelino Bispo de Melo, anamuloza ndi mfuti koma sinalire, ndipo pa kulimbana kumene kunatsatira anabaya ndi mpeni nduna ya zankhondo, Carlos Machado Bittencourt, imene inafa. Pulezidenti analengeza malamulo a nthawi ya ngozi, anamanga otsutsa angapo, ndipo dzina la Vitorino linatchulidwa pa kafukufuku. Kuyambira pamenepo mphamvu za otsatira Floriano zinatha. Malo amene izi zinachitikira ndi pamene pali Museu Histórico Nacional lero, pafupi ndi bwalo la ndege la Santos Dumont, choncho nyumba ziwirizi zimayenera kuonedwa tsiku limodzi.

Kunsanjika yachitatu pitaniko pomaliza. Chipinda cha Vargas n'chaching'ono poyerekeza ndi zapansi, ndipo anthu amatsitsa mawu okha akalowamo. Ngati muli ndi ana aang'ono, konzekerani mafunso awo. Funsaninso za Nosso Sagrado, zinthu zopatulika zoposa 500 za zipembedzo zochokera ku Africa zimene apolisi analanda kalekale, n'kudzaperekedwa kunyumbayi mu 2020.

Patulani maola awiri a m'nyumba ndi theka la ola la kumunda. Mundawo, umene Paul Villon anaukonzanso mu 1896, umafika mpaka ku Praia do Flamengo, uli ndi mitengo yakanjedza italiitali, dziwe ndi mabenchi, ndipo kulowamo n'kwaulere. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ku Rio kumatentha koopsa, choncho yambani ndi nyumba ikangotsegulidwa, munda muusiyire madzulo. Pafupi pomwepo pali Museu de Folclore Edison Carneiro, nyumba yosungira za chikhalidwe cha anthu.

Catete inakhala likulu la mapulezidenti mpaka 1960, pamene pulezidenti Juscelino Kubitschek anasamutsira boma ku Brasília n'kuisandutsa nyumba yosungira mbiri pa 15 Novembala chaka chomwecho. Prudente anakhalamo miyezi pafupifupi 20 yokha. Anapereka mpando kwa Campos Sales pa 15 Novembala 1898, dziko litangogwirizana ndi banki ya Rothschild ya ku London za ngongole ya mapaundi 10 miliyoni, n'kubwerera ku Piracicaba, kumene anamwalira ndi chifuwa chachikulu pa 3 Disembala 1902. Nyumba yake kumeneko, makilomita pafupifupi 160 kuchokera ku São Paulo, nayonso ndi yosungira mbiri, ndipo amene akufuna kuona mmene munthuyu ankakhalira tsiku ndi tsiku apite kumeneko.