Ndemanga: apenta amene anatipentera zitseko za makabati akukhitchini

Ntchito yawo ndiyabwino ndithu, ndikuwapatsa 4 pa 5, imodzi ndawachotserayo ndifotokoza kumunsiku. Makabati athu ndi aja akalekale a matabwa a paini, amene anthu timangoti a ku Chikangawa, ndipo anapakidwa vanishi ife tisanalowe m'nyumbamu. Vanishiyo anali atada bii makamaka zitseko zoyandikira kuka, mafuta ophikira ndi utsi zitamatirira moti ukagwira zala zimanata. Kugula makabati atsopano ndi mitengo ya masiku ano ayi, ndiye tinati bola kungopenta.

Chomwe chinandisangalatsa ndichoti sanathamangire kutsegula tini. Anayamba ndikumasula zitseko zonse, mahinjesi ndi mahandulo omwe, nkulemba nambala ndi pensulo pamalo pokhala hinjesi paja kuti pobwezera chitseko chilichonse chipite pakwawo, chifukwa makabati okhoma pamanja zitseko zake sizimafanana ndendende olo zioneke ngati zofanana. Kenako kutsuka ndi sugar soap, mankhwala ochotsera mafuta musanapente, ndi madzi ofunda, ndipo madzi omwe amatuluka pamenepo anali ngati tiyi wopanda mkaka, mpaka manyazi kundigwira eti. Iwo akuti penti sagwira pamafuta olo akhale odula bwanji, amangokhala pamwamba kenako nkumasupuka, ndipo ukayamba ndi sandipepa usanatsuke mafutawo umangowalowetsa mkati mwa thabwa.

Zitauma ndiye anayamba kukwecha. Sandipepa wa nambala 80, wokhakhala kwambiri uja, amangomugwiritsa pomwe vanishi anali atakanganuka, kwina konse wa 120 wosalalako kungochotsa kuwala kuja kuti penti apeze pogwira, sikuti mpaka thabwa lonse liyere ayi. Timabowo ta misomali ndi ming'alu anatseka ndi filler, zitauma kukwechanso. Mfundo za paini zija anazisamalira pazokha poti zimatulutsa utomoni ndipo ukazisiya pakapita nthawi pamatulukira timawanga tachikasu pamwamba pa penti. Atapukuta fumbi anapaka wood primer wa pinki uja (penti woyambira pathabwa), kenako undercoat (wapakati), kenako gloss (wowala womalizira) kawiri, ndipo asanapake ulendo wina uliwonse amayamba adutsitsa sandipepa wosalala wa 220 mopepuka. Zitseko amazigoneka pa timatabwa osati kuziimika, kuti penti asayenderere, ndipo pakati posalala amagwiritsa ka rola kakang'ono ka siponji, bulashi mmakona mokha. Gloss wa oyilo amafuna ugonetse usiku wonse usanabwerezenso ndiye ntchito yake siya tsiku limodzi, khitchini imakhala yapululu mapoto ndi mbale zonse zili pamtetete, konzekeranitu zimenezo.

Pa mtundu tinakanganako pang'ono. Ine ndimafuna woyera mbee, iwo nkundiuza kuti mayi, gloss woyera wa oyilo amasanduka wachikasu pakapita nthawi makamaka malo osafika dzuwa, ndiye tinagwirizana wotuwa pang'ono. Penti ndi tepentaini ndinakagula ndekha ku hardware, iwo anangondilembera mndandanda, ndipo sanandikokomezere, zotsala zinangokhala zochepa pansi pa tini. Chitseko chapansi pa sinki chomwe chinatupa ndi madzi anandiuza poyera kuti chimenecho penti sangachichiritse, pakatikati pake ndi chipboard ndipo ikamwa madzi basi yatha, ndikapeze kalipentala asinthe. Ena akanangopaka nkulandira ndalama.

Tsopano zondinyasa. Kusunga nthawi ziro. Ukawaimbira akuti ndili panjira mayi ndafika kale pa siteji, iwe nkudikira mpaka nsima yamasana kupsa. Chachiwiri fumbi, anakwechera pakhonde windo la pabalaza lili lotsegula osandiuza, masofa onse mbuu, ndipo iwo eni ake osavala chotseka kumphuno komwe, chonsecho penti wina wakale amakhala ndi mtovu ndipo fumbi lake silabwino makamaka pakhomo pali ana. Tepentaini wotsukira mabulashi anakakhuthulira mmbali mwa bedi langa la mpiru, pamenepo ndiye ndinayankhula ndithu. Palinso chitseko chimodzi chomwe mmphepete mwake penti anayenderera kadontho nkuumira pomwepo, sikaoneka ukaima patali koma ine ndimakaona tsiku lililonse.

Papita miyezi ndithu tikugwiritsa ntchito ndipo mpaka pano palibe pomwe pasupuka, olo pozungulira mahandulo pomwe timagwira ndi manja onyowa. Supu wa tomato akadonthera ndimangopukuta ndi kansalu konyowa ndi sopo pang'ono zatha, sitilo wulo musayerekeze, imapha kuwala konse. Masiku oyambirira penti amakhala wouma pamwamba pokha mkati adakali ofewa, mwana wanga anadinda chikhadabo pa chitseko china chizindikiro chilipobe, komanso zitseko zimamatirira ukatseka mwamphamvu ndiye tinkazisiya zotsegula pang'ono kwa sabata ndithu. Fungo nalo linatenga masiku kuti lithe, ufa ndi shuga tinasamutsira kuchipinda.

Amene mukufuna kuwaitana ndingati aitaneni, koma pangani nyengo yopanda mvula chifukwa kukakhala chinyezi gloss amachedwa kuuma, mugwirizane mtengo wa ntchito yonse osati wapatsiku, ndipo ndalama yomaliza muwapatse zitseko zonse zitabwerera mmalo mwake mutaziyesa kutsegula ndi kutseka.