Scrivener 3 pa Windows: imasenza buku lalitali, koma sidziwa Chichewa

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndemangayi ndi ya Scrivener 3 ya pa Windows, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera mabuku, yomwe inatuluka mu 2021, yopangidwa ndi kampani ya ku England yotchedwa Literature & Latte. Ndaiyesa pa ntchito imodzi yokha: kulemba buku lalitali la m'Chichewa, lamitu yambiri. Amene mumalemba ndakatulo kapena tinkhani ta masamba atatu musavutike nayo, Word ikukwanirani.

Musanatulutse ndalama, yambani mwaiyesa. Amapereka masiku 30 aulere, ndipo amawerenga masiku okhawo amene mwaitsegula. Mukamaitsegula kawiri pa sabata, ndiye kuti muyenda nayo masabata 15. Kugula kwake n'kwa kamodzi, osati kulipira mwezi ndi mwezi, koma pamafunika khadi ya ku banki yotha kugulira zinthu pa intaneti. Dziwaninso kuti laisensi ya Windows ndi ya Mac n'zosiyana. Ikangolowa mu kompyuta, kulemba sikufuna bandulo.

Chimene chimaisiyanitsa ndi Word n'chakuti buku silikhala chimpukutu chimodzi. Kumanzere kuli mndandanda wotchedwa Binder, m'mene mutu uliwonse umakhala ngati foda, ndipo chochitika chilichonse cha m'nkhani chimakhala kachikalata kakekake. Mukaona kuti maliro a m'mutu 9 akufunika kubwera chinkhoswe cha m'mutu 6 chisanachitike, mumangokoka kachikalatako n'kukaika pamwamba. Palibe zodula ndi kumata n'kumaopa kuti ndime ina yatsala m'njira. Ngati buku munaliyamba kale mu Word, ikani chizindikiro cha # pamene payambira gawo lililonse, kenako pitani pa File, Import, Import and Split, ndipo idzaligawa yokha. Pamene mukufuna kudula gawo pakati, ikani kasa, kamzere kophethira koonetsa pamene mukulemba, pamalopo n'kudina Ctrl ndi K.

Koma chimene chimabweza ndalama yanu ndi kakalilole kake koonetsa m'mene ntchito ikuyendera. Pa Project Targets mumalemba chiwerengero cha mawu a buku lonse, tsiku lomwe mukufuna kumaliza, ndi masiku a pa sabata amene mumalemba. Tinene buku la mawu 60,000, miyezi isanu ndi umodzi, kulemba Lolemba mpaka Lachisanu. Amenewo ndi masiku pafupifupi 130, ndiye imakuuzani kuti lero pakufunika mawu cha m'ma 460. Mukajomba masiku atatu, siikalipa ayi, imangogawanso ngongoleyo pa masiku otsalawo, ndipo 460 uja amakwera. Kuona nambala ikukwera chifukwa cha ulesi wanu kumaluma kuposa mawu a mnzanu wokufunsani kuti "buku lija lili pati?"

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu apa. Choyamba, imawerenga mawu otsala pambuyo pofufuta. Mukalemba 500 n'kufufuta 400 akale, tsikulo ikupatsani 100. Choncho pa nthawi yokonza zolembedwa kale, kachingwe koonetsa ntchito ya tsiku kamakhala ngati simunagwire kanthu, chonsecho mwatuluka thukuta. Ndi bwino kungokazimitsa pa nyengo imeneyo. Chachiwiri, kawerengedwe ka tsiku kamayambiranso pa 12 koloko usiku. Amene mumalemba usiku ana atagona, sinthani ola limeneli m'ma Options a pawindo la Project Targets, apo ayi ntchito ya usiku umodzi idzagawika masiku awiri. Mbiri yonse ya masiku amene munalemba ndi mawu ake imasungidwa pa Writing History.

Musatengere manambala a olemba Chingerezi. Mawu amodzi a Chichewa ngati "sindikanakuuzani" amanyamula zimene kwa iwo zimafuna mawu asanu kapena kuposa, ndiye mawu 500 athu ndi ntchito yaikulu ndithu. Wolemba wongoyamba amene wamva pa podikasiti kuti ayenera kulemba 2,000 tsiku lililonse adzagwa mphwayi sabata isanathe.

Za mapodikasiti zomwezo, foda ya Research ndi yothandiza kuposa m'mene imaonekera. Imalandira ma PDF, zithunzi ndi mafayilo a mawu monga mp3. Mumagawa sikirini pawiri, mbali ina n'kuika zojambulidwazo, mbali ina n'kumalemba. Kudina Ctrl ndi Enter kumaimitsa kapena kupitiriza mawuwo osachotsa dzanja pa kiyibodi, ndipo mukatchera Rewind on Pause imabwerera m'mbuyo masekondi ochepa nthawi iliyonse mwaimitsa. Kwa munthu amene akulemba zimene anajambula pocheza ndi agogo kumudzi, kapena akutola mfundo m'pulogalamu ya olemba imene amaikonda, kameneka n'kachida kamtengo wapatali. Chenjezo lake: chilichonse mwaponya mu Research chimakoperedwa m'kati mwa buku. Maola khumi a mawu amalinenepetsa, ndipo kusunga makope kumayamba kuchedwa. Mafayilo aakulu ndi bwino kuwasiya kunja n'kungoika kanjira kolozera kumene ali. Zolemba zanu za mabuku amene mwawerenga zitha kukhala m'foda yomweyi, ndipo sizilowa m'chiwerengero cha mawu a buku.

Tsopano nyenyezi yachisanu inagwera apa. Mulibe dikishonale ya Chichewa. Mukangoyamba kulemba, tsamba lonse limafiira ndi mizere pansi pa mawu. Pitani pa File, Options, Corrections, muzimitse kuona masipelo polemba, komanso kukonza mawu kokha, chifukwa kumeneko n'kumene kungasandutse mawu anu kukhala Chingerezi inu osazindikira. Zikatero, zolakwika zonse muzisaka nokha ndi maso. Nkhani ina ndi kachizindikiro ka m'mawu ngati "ng'ombe" ndi "m'mudzi". Zimene mwalemba m'menemu zimatuluka ndi kopindika, pamene zokopera kuchokera pa foni nthawi zambiri zimabwera ndi koongoka, ndipo buku limatuluka losakanikirana. Pansi pa Edit, Transformations pali njira yozifananitsira. Amene mumafuna ŵ mu "Malaŵi" musamavutike kumusaka nthawi iliyonse. Lembani "Malawi" buku lonse, ndipo potulutsa buku muike lamulo pa Replacements loti asinthe paliponse.

Kutulutsa bukuko, kumene amati Compile, n'kovuta mosayenera. Imatulutsa Word, PDF ndi ePub (buku lowerengera pa foni kapena pa kompyuta), koma maonekedwe amene mukuona polemba si amene amatuluka. Muyenera kuuza pulogalamuyo kuti mafoda ndi mitu, tizikalata ndi zochitika, kenako pa Assign Section Layouts n'kulumikiza mtundu uliwonse ndi maonekedwe ake. Mukadumpha pamenepa, mitu imatuluka yopanda manambala, kapena timaina tanu tachinsinsi ngati "apa akangane" timasindikizidwa pamwamba pa tsamba. Ndipo pamutu pamabwera "Chapter One" mpaka mutalowa m'kati mwa kalembedweko n'kulemba "Mutu" m'malo mwake. Patulani madzulo amodzi kuphunzira zimenezi buku lili ndi mitu itatu yokha, osati usiku woti mawa mutumize kwa osindikiza.

Pa kasungidwe ndiyodalirika. Imasunga yokha mukangopuma kulemba masekondi awiri, kotero magetsi akathima mwadzidzidzi pa kompyuta ya padesiki, chimatayika ndi chiganizo chomaliza basi. Musanaphwanye gawo kuti mulilembenso, dinani Ctrl ndi 5. Imajambula gawolo m'mene lilili, ndipo mutha kuyerekeza lakale ndi latsopano kapena kubwezeretsa lakale.

Ngozi yeniyeni ili pa fulashi. Buku la Scrivener pa Windows ndi foda yothera ndi .scriv, yodzaza timafayilo tambirimbiri, ndipo m'kati mwake muli kamodzi kothera ndi .scrivx kamene mumadina potsegula. Ambiri amakopera kameneka kokha poganiza kuti ndi buku. Kameneko ndi mndandanda chabe, mawu anu mulibemo. Koperani foda yonse, kapena gwiritsani ntchito File, Back Up, Back Up To n'kusankha zip. Makope amene imapanga yokha mukatseka amakhala asanu omalizira, ndipo amasungidwa pa kompyuta yomweyo, choncho laputopu ikabedwa apita limodzi. Lozani makopewo ku malo ena. Ngati mumalemba pa makompyuta awiri kudzera pa Dropbox, malo osungira mafayilo pa intaneti, tsekani buku, dikirani Dropbox imalize kukweza zonse, ndiye mukatsegule kwinako. Netiweki ikakhala yofooka n'kufulumira kutsegula, timafayilo tina timafika tina ayi, ndipo mumapeza magawo awiriawiri osagwirizana. Pa Google Drive, eni ake a Scrivener amaletsa kusungirako buku limene mukulemba. Ikani ma zip okha kumeneko.

Pa foni ya Android kulibe Scrivener, ilipo ya iPhone ndi iPad yokha. Njira yozembera ndi File, Sync, with External Folder, imene imatulutsa magawo ngati mafayilo wamba oti muwatsegule pa foni muli mu minibasi, kenako n'kuwabweza. Imagwira, bola musasinthe maina a mafayilowo, chifukwa nambala ili m'dzinamo ndi imene imauza pulogalamuyo gawo loti ibwezeremo mawu.