Mapu a thiamine a pa KEGG ndi othandiza, koma mabokosi obiriwira asakupusitseni

Aliyense wofuna kuona momwe zamoyo zimapangira thiamine, yemwe ndi vitamini B1, nthawi zambiri amayambira pa KEGG, nkhokwe ya pa intaneti yomwe Minoru Kanehisa anaiyambitsa ku Kyoto University mu 1995. Mapu ake ndi map00730. Mukachotsa map n'kulemba eco mumapeza za bakiteriya wa E. coli, sce ndi za yisiti, ath za chomera cha Arabidopsis, hsa za munthu. Enzayimu iliyonse yomwe chamoyocho chili ndi jini lake, bokosi lake limasanduka lobiriwira. Ophunzira ndi ofufuza amawerenga mwaulere, koma kutsitsa deta yonse pa FTP kumalipiridwa kuyambira 2011.

Mbali ya mabakiteriya ndiye yatsatanetsatane. Thiamine amapangidwa m'zigawo ziwiri zomwe zimalumikizidwa kumapeto, ndipo mapuwa amazionetsa bwino. Pa chigawo choyamba, cha pyrimidine, enzayimu ya ThiC, yomwe nambala yake pa mndandanda wa maenzayimu ndi EC 4.1.99.17, imasandutsa molekyu yotchedwa AIR kukhala ina yotchedwa HMP-P, kenako ThiD imawonjezera fosifeti. Chigawo chachiwiri, cha thiazole, chimamangidwa ndi ThiG kuchokera ku DXP (mtundu wa shuga wokhala ndi fosifeti), salufa wobwera ndi ThiS, ndi kachidutswa ka amino asidi: E. coli imakadula ku tyrosine ndi ThiH, pomwe Bacillus subtilis imakatenga ku glycine ndi ThiO. ThiE, EC 2.5.1.3, ndiye imalumikiza, ThiL n'kumalizitsa thiamine diphosphate, yemwe selo limagwiritsa ntchito. Mukadina bokosi lililonse mumaona jini, nambala ya KO (gulu la majini a ntchito yofanana pa KEGG) ndi dongosolo la ma amino asidi ake, choncho kufananiza mabakiteriya awiri n'kwa mphindi zochepa.

Vuto limayamba mukafika pa yisiti. Pa mapu, muvi wa THI4, yomwe imamanga thiazole mu yisiti, umaoneka ngati wa enzayimu wamba, pomwe puloteniyi imapereka salufa wa cysteine yake yomwe, Cys205, ndipo ikagwira ntchito kamodzi yatha. THI5, yomwe imamanga pyrimidine, nayonso imadya histidine yake pamodzi ndi PLP, mtundu wa vitamini B6. Amene angayese kuyeza liwiro la maenzayimuwa m'labotale modalira mapu okha adzadabwa kuona ntchito ikuima msanga, n'kumaganiza kuti puloteni yawonongeka. ThiC ya mabakiteriya ija ilinso ndi msampha wake: ili ndi kachigawo ka ayironi ndi salufa, 4Fe-4S, kamene kamaphwasuka kakakumana ndi okosijeni, ndiye yoyeretsedwera pamtetete imatuluka yakufa. Muvi sunena zimenezi. Sunenanso za riboswitch ya TPP (dzina lina la thiamine diphosphate), yomwe ndi kachigawo ka RNA ndipo imachepetsa ntchito ya majini a mabakiteriyawa thiamine akachuluka m'selo. Jini litha kukhalapo koma lili chete chifukwa choti chakudya chomwe mukuwetera mabakiteriya chili kale ndi vitaminiyu.

Pa hsa00730 m'pomwe ophunzira ambiri amasokonezeka. Aona mabokosi angapo obiriwira, basi alemba kuti munthu amapanga thiamine. Ayi ndithu. Munthu amamupeza m'zakudya, mapuloteni a SLC19A2 ndi SLC19A3 amamulowetsa m'maselo, TPK1, EC 2.7.6.2, n'kumusandutsa diphosphate. Mabokosi enawo ndi a maenzayimu ochotsa kapena owonjezera fosifeti ndi ena okhala ndi ntchito zawozawo m'thupi.

Bokosi loyera nalo silitanthauza kuti ntchitoyo sichitika. Ma archaea ambiri, zamoyo za selo limodzi zosiyana ndi mabakiteriya, alibe ThiE koma amalumikiza zigawo ziwirizo ndi ThiN, yomwe kawirikawiri imakhala yomatana ndi ThiD. Musanalembe kuti chamoyo chanu sichipanga thiamine, tengani dongosolo la puloteniyo mulifufuze ndi BLAST, pulogalamu yofananiza madongosolo otere, kenako muone pa nkhokwe za UniProt kapena MetaCyc ngati ntchito yake inayesedwadi m'labotale kapena inangoganiziridwa ndi kompyuta.