Buku ndi labwino, koma mnyamata wa pakauntala ananyoza mwana wanga

Ndikunena shopu ija ya m'tauni kuno ku Johannesburg kufupi ndi Park Station, kumene ambirife timathamangira Januwale akafika kukagula mabuku a sukulu. Buku lake ndi lachingerezi lija atsikana akhala akubwerekana kutchalitchi, la mnyamata wa ku Nyasaland amene amamva mawu a akufa pansi pa mgodi. R320 ija ndinalipira osanenerera, poti mwana wanga wa giredi 9 anali atandiumiriza mpaka kutopa.

Anawerenga bwinobwino mpaka tsamba 208. Pamenepo nkhani yafika pachimake: kukacha sitalaka ikuyamba, ndipo mnyamatayo watsika yekha mumgodi usiku kukafuna mzimu wa bambo ake. Kutembenuza tsamba, nambala yabwerera ku 177. Masamba omwe aja abwerezedwa mpaka 208, kenako n'kudumphira ku 241, kumene munthu wina wafa kale, komponi yapsa, owerenga osadziwa kuti zakhala bwanji. Mwana anabwera kukhitchini misozi ili lengelenge.

Ndikudziwa kuti cholakwikacho si cha shopu. Mabuku amasindikizidwa m'mitolo ya masamba 16 kapena 32 asanamatidwe, ndiye makina anangotola mtolo umodzi kawiri. Chimene chandiwawa ndi mayankhidwe.

Tinabwererako Loweruka, risiti ili m'manja. Mnyamata wa pakauntala ndi wakwathu, tsiku logula tinacheza m'Chichewa mpaka kufunsana za mvula kumudzi. Tsiku limeneli bukulo sanalitsegule n'komwe. Anangoloza chikwangwani cha pakhoma n'kunena kuti, "Amayi, katundu akatuluka pakhomo apa sabweranso." Ndinati, "Achimwene, tatsegulani kaye muone manambalawa." Iye anatembenukira kwa mwana wanga n'kuti ana a masiku ano amawerenga buku lonse, kenako amathothola masamba kuti makolo akatenge ndalama zawo. Ananena mokweza, mzere wa anthu uli kumbuyo kwathu. Mwanayo, amene ngakhale fifite senti ya chenji amabweza, anangozyolika.

Tandiuzani abale anga, mwana angathothole bwanji masamba 32 n'kumatapo ena osindikizidwa bwinobwino ofanana ndi akumbuyo? Ali ndi makina kuchipinda kwake? Nditamufunsa zimenezi, mkuluyo anasiya Chichewa n'kuyamba kundiyankha m'Chizulu, ngati sitinakulire nsima ya mgaiwa tonsefe. Apa mtima unandipsa zedi. Ndinamuuza kuti sindisuntha mpaka aitane mwini wake.

Ambirife kuno timangomeza mate tikaponderezedwa m'mashopu, ena poopa kuti nkhani ingafike pa mapepala okhalira m'dziko muno. Koma lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limati katundu akapezeka ndi vuto pasanathe miyezi 6, wogula ndiye amasankha kuti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Chikwangwani cholembedwa ndi maka sichingapose lamulo. Mwini shopuyo, mayi wachikulire ndithu, atatuluka anavala magalasi, kuwerenga manambala aja, kutenga buku lina pashelefu, kuliona yekha tsamba ndi tsamba, n'kupepesa kwa mwanayo. Mnyamata uja anali kalikiliki kupukuta kauntala yoyerayera. Mpaka lero sanapepese.

Ndinafika kunyumba nditalumbira kuti ndiwapatsa nyenyezi imodzi. Vuto ndi loti ndinaliwerenganso ine bukulo, ndipo amene analozera mwana wanga buku limeneli poyamba paja ndi mnyamata wamwano yemweyo. Pamenepo pokha sanalakwitse.

Nkhaniyi yaikidwa mu 1946, chaka chimene anthu akuda ogwira ntchito m'migodi ya golide kuno ananyanyala ntchito mu Ogasiti, pofuna mashilini 10 patsiku, apolisi n'kuwabwezera pansi ndi zibonga ndi mfuti. Mnyamata wa m'bukuyo wanama zaka zake, wabwera paselefu (payekha, osalembedwa ntchito kumudzi) kudzera ku Tete ndi Salisbury kudzafuna bambo ake amene anasanduka mtchona. Zamatsenga zake si zoopseza ana chabe ayi. Mizimu imene amaimva ndi ya anthu amene anafera kuno, osaikidwa kwawo, popanda wowatsirira nsembe, ndiye ikungoyendayenda m'makwalala a pansi kufunsa njira ya kumudzi. Ndipo pali induna ya pakomponi imene ikuweta ndondocha, anthu odulidwa malilime, kuti zizikumba usiku iyo n'kumatamandidwa ndi azungu. Amene anakulira ku Malawi akudziwa kuti ndondocha timazitchula munthu akalemera mosadziwika bwino. Kuziika mumgodi, kumene anthu ankalemeretsa ena iwo n'kubwerera kwawo ndi sutikesi, wilesi ndi chifuwa cha fumbi la miyala, wolembayo anaganiza mozama.

Chandisangalatsa koposa ndi mafunso amene bukuli ladzutsa. Mwana wangayu anabadwira kuno, mapiri achikasu a m'mbali mwa msewu wa M2 ankangowaona ngati mapiri wamba, osadziwa kuti ndi dothi lotuluka m'migodi imene inayamba golide atapezeka ku Langlaagte mu 1886. Tsopano akufunsa za Wenela, bungwe limene linkalemba anthu akwathu ntchito za m'migodi. Ndamuuza kuti mu 1913 boma la kuno linaletsa kulemba anthu akwathu ntchito za mumgodi chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo, n'kudzatsegulanso m'zaka za m'ma 1930. Ndamuuzanso za ndege imene inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 akubwerera kwawo, Kamuzu n'kuimitsa Wenela. Agogo ake aamuna, amene anakwerapo ndege zimenezo, tsopano akuimbiridwa foni ya WhatsApp ndi mdzukulu amene kale ankangoti "muli bwanji" n'kundibwezera foni. Tinapitanso ku Workers' Museum ku Newtown, anakaona yekha mabedi a simenti osanjikizana amene bukulo likufotokoza.

Pamene wolembayo wapunthwa ndi pa Gule Wamkulu. Waika chilombo chovala chigoba kuti chizithamangitsa anthu mumgodi ngati chiwanda cholusa, popanda dambwe kapena ng'oma. Ife a ku Dedza tikudziwa kuti gule ali ndi mwambo wake, amatuluka pamaliro, pachinamwali ndi polonga ufumu, ndipo UNESCO inamulemekeza mu 2005. Mutu umenewo unandinyansa, ndinachita kukhala pansi ndi mwana kumuwongolera. Zachikondi za mnyamatayo ndi mtsikana wa ku Sophiatown n'zozizira, koma palibe chochititsa manyazi, wa zaka 13 akhoza kuwerenga.

Ndiye nyenyezi ndapereka zitatu, ndipo yachitatuyo ndi ya mayi aja. Buku lachiwiri likafika ndidzagula komweko poti kwina n'kodula, koma ndidzapempha kuti andithandize ndi iwowo. Inunso mukakagula, funsani risiti ndipo tsegulani tsamba 209 musanapereke ndalama.