Starscream wa Earthrise: matama onse alipo, koma chiuno sichitembenuka

Amene anaonerapo makatuni a Transformers amamudziwa Starscream, loboti yemwe ndi wachiwiri kwa Megatron m'gulu la maloboti oipa lotchedwa ma Decepticon, yemwe amagona n'kudzuka ndi maganizo olanda mpando wa bwana wake. Pakamwa pake m'podzaza mwano ndi matama, koma zinthu zikangothina amakhala woyamba kugwada n'kumapepesa. M'makatuni oyamba a mu 1984 ankasanduka ndege yankhondo ya F-15, ndipo maonekedwe omwewo ndi amene a Hasbro ndi Takara Tomy anabwezeretsa pa chidole chimene anatulutsa mu 2020 m'gulu la Earthrise. Chidolechi n'chabwino ndithu, koma chimafuna manja odekha. Wogulira mwana wosapitirira zaka zisanu angotaya ndalama.

Ndi cha saizi imene amaitcha Voyager, kutanthauza kuti chikaima ngati loboti chimafika masentimita pafupifupi 18. Thupi ndi lotuwa, chifuwa chofiira, mikono ndi mapazi zabuluu, ndipo galasi la pokhala woyendetsa ndege limadzakhala pakati pa chifuwa. Chimabwera ndi mfuti ziwiri zazitali zimene m'makatuni amazitcha null ray. Zimalowa m'mabowo a mamilimita 5, m'mikono akakhala loboti, kunsi kwa mapiko akakhala ndege. Mabowo a muyeso umenewu ali pa zidole zambiri za kampaniyi, choncho zida za chidole china zimathanso kukwana.

Pamene okonza anagwira ntchito yotamandika m'pakaimidwe. Mapiko amatambasuka kumsana ngati nkhukutembo ikudzionetsa pabwalo, mapewa ndi otukuka, ndipo mukangopendeketsa mutu pang'ono n'kukweza mkono umodzi, munthu amene akudziona kuti ufumu ndi wake waima pa tebulo panu. Akakolo amapendekera m'kati, ndiye ngakhale mutatangadza miyendo, mapazi amapondabe pansi monse. Zimenezi zimaoneka zazing'ono, koma ndi zomwe zimachititsa kuti chisamagwe chagada chifukwa cha kulemera kwa mapiko.

Chodandaulitsa n'chiuno. Sichitembenuka ngakhale pang'ono, chifukwa thunthu lonse ndi pamene pamapindikira mphuno ya ndege. Mawondo ndi zigongono zimapinda bwino, mapewa amazungulira, koma mukafuna kuti aoneke ngati akucheuka kuti amuwombere Megatron kumbuyo, muyenera kutembenuza chidole chonse. Kwa munthu amene mbiri yake yonse ndi yobaya anzake kumsana, pamenepa anatimana. Ana ambiri akaona kuti sichikutembenuka amakakamiza poganiza kuti changolimba, ndipo apa ndi pamene zambiri zimayambira kuwonongeka.

Kusintha kuchoka ku ndege kupita ku loboti kumatenga masitepe pafupifupi 30 mukatsata pepala la m'bokosi. Ulendo woyamba mudzatenga nthawi, kenako manja amazolowera. Yambani mwachotsa mfuti kunsi kwa mapiko n'kuziika m'mbale kapena m'thumba, osati pansi. Kenako pitani kumbuyo kwa ndege, komwe ndi miyendo: ilekanitseni, tsegulani zotchinga za m'misongolo, tulutsani ntchafu zimene zinapindikira m'katimo, tsekani, n'kutambasula mapazi. Mikono imachoka m'kati mwa thunthu, ndipo zibakera zimabisala m'kati mwa mikonomo. Chomalizira ndi mphuno ya ndege, imene imapindika kuti mutu utuluke ndi chifuwa chitsekeke. Pobwerera ku ndege mumayamba ndi mphuno yomweyo.

Lamulo lake n'limodzi: chikakana, ndiye kuti pali china chimene simunasunthe. Pafupifupi chiwalo chilichonse chili ndi kadzino kolowa m'kabowo ka chinzake, ndipo timano timeneti n'tating'ono ngati njere ya mpunga. Pokanganula gwirani pafupi ndi kadzinoko, osati kunsonga kwa phiko. Mukakoka kunsonga, mphamvu yonse imathera pa hinji, pulasitiki imayamba kuonetsa kamzere koyera, ndipo kamzereko ndi chizindikiro choti yatopa. Siibwereranso mwakale. Ndege ikakana kutsekeka bwino kumbuyo, kawirikawiri vuto limakhala ntchafu imene sinalowe yonse kapena chibakera chimene chatsalira panja pang'ono.

Palinso mtundu wina wa thupi lomweli umene unatuluka mu 2022 m'gulu la Studio Series 86, wokhala ndi chisoti chachifumu, mkanjo, zovala za m'mapewa ndi mpando. Umakumbutsa filimu ya makatuni ya mu 1986, m'mene Starscream anataya Megatron wovulala mumlengalenga, n'kudziveka ufumu, koma mwambo uli m'kati Galvatron, yemwe ndi Megatron yemwe uja atapangidwanso, anatulukira n'kumusandutsa phulusa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mtunduwu ndi wokwera mtengo, ndipo ndalama zowonjezerazo mukulipirira zovala ndi mpando basi, poti loboti yake sinasinthe kwenikweni. Wofuna choika pa shelefu angaukonde. Wogulira mwana asavutike, kachisotiko sikatha sabata kasanasowe. Anzake a Starscream, Thundercracker wabuluu ndi Skywarp wakuda, nawonso ndi thupi lomweli, angosintha utoto, monga zinalili kuyambira mu 1984.

Nkhani yaikulu kuno ku Chipata ndi yochipeza. Chitangotuluka ku America chinkagulidwa madola pafupifupi 30, koma pano mtengo umadalira wogulitsa, kuwonjezapo zotumizira ndi msonkho. Njira zake ndi kuitanitsa pa intaneti, kutuma wachibale amene ali ku Lusaka kapena ku Joni, kapena kuchita mwayi m'milu ya zidole za salaula ku Kapata ndi misika ina. Za pa salaula zimakhala zenizeni nthawi zina, koma kawirikawiri zimabwera zopanda mfuti ndi pepala la malangizo.

Musanatulutse ndalama, chitembenuzeni m'manja. Chenicheni chimakhala ndi zilembo zozokotedwa pa pulasitiki, kumalo obisika monga m'kati mwa mwendo kapena kunsi kwa phiko, zosonyeza dzina la Hasbro ndi Tomy komanso dziko kumene chinapangidwa, Vietnam kapena China. Werengani mapiko akulu awiri ndi zipsepse za kumchira. Kwezani mkono mopingasa n'kuusiya: ukagwa wokha, phewa latha. Chiimikeni pa benchi muone ngati mawondo akugwira. Yang'anani m'mahinji a mapiko mizere yoyera ija, ndiponso dzimbiri pa masikuluwu, chifukwa chidole chimene chinanyowa chili m'belo chimakhala ndi timapini tadzimbiri m'kati, ndipo timapiniti timang'amba pulasitiki mukapinda. Kusowa kwa mfuti si chifukwa chochisiyira, ingonenererani mtengo. Hinji yosweka ndiye ayi.

Ndiyeno pali zongotengera, zija zimadzaza m'mashopu nthawi ya Khirisimasi m'mabokosi owala olembedwa "deformation robot", zopanda dzina la Starscream kapena chizindikiro chofiirira cha ma Decepticon. Zina zimakhala zazikulu kuposa chenicheni, ndipo m'bokosi zimaoneka zokongola kwambiri. Chikomekome cha mkuyu. Pulasitiki yake imakhala yopyapyala ndi youma, imathyoka m'malo mopindika, m'mphepete mumatsala zokanda m'manja, ndipo mabowo a timapini amakhala aakulu kuposa timapinito, n'chifukwa chake miyendo imayamba kulendewera masiku oyamba omwe. Si zonse zoipa mofanana, zilipo zimene zimapirira ndithu, koma muyeso wake ndi womwe uja: pemphani wogulitsa atsegule bokosi, mukweze mkono, muchiimike. Akakana kutsegula, yankho mwalipeza. Ndipo kaya n'chenicheni kaya n'chongotengera, tizidutswa take tingathe kutsamwitsa mwana wosakwana zaka zitatu. Pabokosi la chenicheni analemba zaka 8 kupita m'tsogolo, ndipo sanalembe mongokongoletsa.

Molumikizira mukakhwepa, mankhwala ake ndi kyuteksi yoyera ngati madzi, yopanda mtundu. Ngati chiwalocho n'chongobayika, chizuleni, pakani kamodzi mopyapyala pa kamutu kake, siyani usiku wonse kuti iume, m'mawa mubwezere. Chikakhalabe chokhwepa pakaninso kachiwiri, osathira yambiri nthawi imodzi. Chiwalo chikamakana kuzuka, chiviikeni kaye kwa mphindi imodzi kapena ziwiri m'madzi ofunda amene dzanja lingapirire, pulasitiki imafewa pang'ono. Pamene pali pini yachitsulo musazule, ingodonthezani pang'ono pampata n'kumapindapinda mpaka iume kuti isagwirane. Supagulu musaiyandikize: imamanga mfundo mpaka kalekale, ndipo nthunzi yake imasiya chifunga choyera pa galasi la pachifuwa. Mankhwala ochotsera kyuteksi ndiye oopsa kwambiri, chifukwa asetoni amasungunula pulasitiki ya ABS imene zidole zotere zimapangidwira, n'kuchotsa utoto nthawi yomweyo. Masikuluwu ake ndi a mutu wa mtanda, aang'ono, ofuna sikuludiraiva ya okonza mafoni. Yaikulu imadya mutu wa sikuluwu.

Nyengo yathu nayo ili ndi zake. Fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala limalowa m'mahinji n'kumadya pulasitiki ngati sandipepa nthawi iliyonse mukapinda, n'chifukwa chake chidole chimene mwana amaseweretsa pamchenga chimakhwepa msanga kuposa cha m'nyumba. Mswachi wakale wofewa umachotsa lambiri. Chikada kwambiri pukutani ndi kansalu konyowa ndi sopo pang'ono, kenako muchiumitse pamthunzi mutatsegula ziwalo zonse kuti timapini tisachite dzimbiri. Palafini ndi mafuta ophikira si zofewetsera mahinji, zimangoitana fumbi lina. Dzuwa ndi mdani wa pulasitiki yotuwa: mukachiika pawindo, miyezi ingapo mbali yoyang'ana kunja imasanduka yachikasu ngati dzino la wosuta fodya. Pa dashibodi ya galimoto mu Okutobala ndiye kumakhala kuchiwotcha dala, mapiko amatha kupindika.

Posunga nthawi yaitali, chisiyeni chili ndege. Ziwalo zonse zimakhala zitagwirana, palibe cholendewera, ndipo mfuti zimakhala kunsi kwa mapiko komwe sizingasowe. Chimakwana bwinobwino m'katoni ya nsapato za mwana.